Kaliyala wa Njinga Pagalimoto Yaing'ono: Sikelo Iyambe, Ndalama Pambuyo

M'zaka zapitazi misewu ya m'Malawi yadzaza ndi timagalimoto ting'onoting'ono tochokera ku Japan, timene timafika kuno titayendako kale kwawoko. Mayina monga Toyota Vitz, Toyota Passo, Honda Fit, Nissan March, Mazda Demio ndi Daihatsu Mira tsopano ngodziwika ngakhale kwa ana a sukulu. Mphunzitsi amene kale ankangolota za galimoto lero amatha kusunga ndalama pang'onopang'ono, kapena kutenga ngongole, mpaka kugula yakeyake. Koma kubwera kwa galimoto sikudachotse njinga pakhomo. Njinga ndiyo imapita kumunda, kuchigayo, kumsika ndi kusukulu ya kutali ndi msewu, kumene galimoto yaing'ono siingafike m'nyengo ya dzinja. Motero limafika tsiku limene mwini galimoto amafuna kunyamula njinga pagalimoto yake. Mwina wasamutsidwira kusukulu ina, mwina wagulira mwana njinga m'tauni, mwinanso akupita kumudzi patchuthi ndipo akudziwa kuti makilomita omalizira adzafunika kupalasa.

Apa ndi pamene pamabuka nkhani ya kaliyala. Anthu ambiri akafuna kugula chipangizo chimenechi amafunsa mafunso awiri okha, la mtengo wake ndi la kuchuluka kwa njinga zimene chinganyamule. Mafunso onse awiriwa ngabwino ndithu, koma malo ake ndi kumapeto. Choyenera kuyamba ndicho kufunsa kuti galimotoyo idaloledwa kusenza katundu wolemera bwanji, ndi kuti njingayo payokha ikulemera bwanji. Galimoto yaing'ono ili ndi malire amene saoneka ndi maso, ndipo munthu amene aderera malirewo amaika pachiswe njinga yake, galimoto yake, ndiponso moyo wa anthu ena oyenda pamsewu amene sadamulakwire kanthu.

Manambala atatu

Munthu asanatulutse khobidi ndi limodzi lomwe ayenera kudziwa manambala atatu. Nambala yoyamba ndiyo kulemera kumene opanga galimoto adalola kuti kukhale padenga, kapena pachitsulo chokokera ngolo ngati chilipo. Pamagalimoto ambiri aang'ono denga limaloledwa makilogalamu a pakati pa 50 ndi 75, ndipo alipo ena amene malire ake ngotsikirapo. Nambala imeneyi imalembedwa m'buku la malangizo limene limabwera ndi galimoto. Vuto nlakuti galimoto yochokera ku Japan kawirikawiri imafika ndi buku la m'Chijapani, kapena yopanda buku n'komwe. Komabe njira ilipo. Magalimoto omwewa adagulitsidwa m'maiko ena ndi mayina ena: Vitz ndiyo Yaris, Fit ndiyo Jazz, March ndiyo Micra, ndipo Demio ndiyo Mazda2. Mabuku a m'Chingerezi a magalimoto amenewa amapezeka pa intaneti, ndipo angathe kupereka chithunzithunzi chabwino, malinga munthu asamale kuti chaka cha galimotoyo chikugwirizana ndi cha bukulo.

Nambala yachiwiri ndiyo kulemera kwa njinga, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Njinga sizilingana. Ya mpikisano imapepuka kwambiri, kotero kuti m'chaka cha 2000 bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga pa dziko lonse, la UCI, lidachita kukhazikitsa lamulo lakuti njinga ya mpikisano isapepuke kuposa makilogalamu 6.8. Njinga za magiya zokwerera mapiri zimalemera makilogalamu a pakati pa 12 ndi 15. Koma njinga ya ntchito, ija ya magudumu aakulu ndi mabuleki a zitsulo imene imanyamula matumba a chimanga ndi makala, imapitirira makilogalamu 20. Njinga ya Buffalo, imene idachokera ku bungwe la World Bicycle Relief lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2005, imalemera makilogalamu 23 kapena 24, pakuti idapangidwa kuti kaliyala wake wa kumbuyo asenze makilogalamu 100. Njinga zoyendera batire nazonso kawirikawiri zimapitirira makilogalamu 20.

Nambala yachitatu ndiyo ya kaliyala mwini wakeyo: iye amalemera bwanji, nanga adapangidwa kuti anyamule zolemera bwanji? Makaliyala ambiri a m'masitolo adapangidwira anthu a ku Ulaya ndi ku America, amene amanyamula njinga zopepuka popita kukasangalala. Pachikatoni pakalembedwa kuti kaliyalayo ngwa njinga zitatu, wolembayo ankaganiza za njinga za makilogalamu 15 iliyonse. Sankaganiza za njinga ya kabaza. Choncho mawu akuti njinga zitatu alibe tanthauzo mpaka munthu atawerenga makilogalamu olembedwa pambali pake m'timalemba ting'onoting'ono. Safunsa adadya phula. Sikelo yopimira chimanga pamsika njokwanira kupimira njinga, ndipo mphindi zochepa zimene munthu ataye pamenepo zingamupulumutse ku zambiri.

Kaliyala wa padenga

Mtundu woyamba ndiwo wa padenga. Pamakhala zitsulo ziwiri zopingasa zimene zimagwira m'mphepete mwa denga, ndipo pamwamba pake pamakhala mpanje umodzi wa njinga iliyonse, wokhala ndi mkono wogwira felemu kapena gudumu. Ubwino wake ngwoonekeratu. Nambala ya galimoto ndi magetsi a kumbuyo sizibisika, chitseko cha kumbuyo chimatsekuka bwinobwino, ndipo njinga siitulukira m'mbali mwa galimoto. Zitsulo zopingasazo zimathandizanso pa katundu wina wopepuka.

Koma masamu ake ayenera kuwerengedwa. Denga likaloledwa makilogalamu 50, kulemera kwa kaliyala kumawerengedwa momwemo. Zitsulo zopingasa zimatenga makilogalamu pafupifupi 5, ndipo mpanje uliwonse umatenga pafupifupi 4. Njinga ziwiri za makilogalamu 14 pamodzi ndi zitsulo zimenezi zimakwana makilogalamu 41, ndiye kuti zonse zili bwino. Njinga ziwiri za makilogalamu 24 pamodzi ndi zitsulo zomwezo zimakwana makilogalamu 61, ndiye kuti malire apitirira. Kuonjezera apo, mipanje yambiri ya padenga, ngakhale ya kampani yotchuka ya Thule ya ku Sweden, imalola njinga yosaposa makilogalamu 17 kapena 20. Ndiye kuti njinga ya ntchito, ngakhale ikhale imodzi yokha, yapitirira kale mphamvu ya mkono woigwira. Ndiponso kukweza chitsulo cha makilogalamu 24 kufika padenga lotalika mita imodzi ndi theka si ntchito ya munthu mmodzi, ndipo pedulo ikangoterereka pang'ono imasiya chipsera pachitseko.

Chinthu china ndicho msinkhu. Galimoto ikasenza njinga choimirira imapitirira mamita awiri ndi theka. Nthambi ya mango pakhomo, denga la mosungira galimoto, ndi waya wolendewera pamsika, zimene dzulo galimoto inkadutsa pansi pake popanda nkhawa, lero zimasanduka misampha. Woyendetsa sayiona njingayo, ndipo chimene maso sachiona mtima suchedwa kuchiiwala. Katundu wa pamwamba amachititsanso kuti galimoto izipendama kwambiri pokhota ndiponso mphepo ya m'mbali ikaomba.

Pali nkhani ya mafuta. Mphamvu ya mphepo yolimbana ndi galimoto imakula mofulumira kuposa liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Unduna woona za mphamvu ku America udalengeza kuti chibokosi chachikulu cha katundu choikidwa padenga chimachepetsa mtunda umene galimoto imayenda pa lita imodzi ndi magawo a pakati pa 10 ndi 25 pa 100 alionse, galimotoyo ikamathamanga makilomita 105 mpaka 120 pa ola, pamene katundu woikidwa kumbuyo amachepetsa ndi magawo osaposa 5 pamsewu waukulu. Njinga zoimirira padenga nazonso zimatchinga mphepo chimodzimodzi. Akatswiri a ku Lawrence Berkeley National Laboratory adawerengera kuti m'chaka cha 2015 makaliyala a padenga adadyetsa magalimoto a ku America malita a petulo pafupifupi 380 miliyoni. Injini yaing'ono ndiyo imamva msanga katundu wotere. Phunziro lake nlakuti ulendo ukatha kaliyala azitsitsidwa, asamangoyenda naye chaka chonse ngati chisoti.

Kaliyala wa pachitseko cha kumbuyo

Mtundu wachiwiri ndiwo umene anthu ambiri amathamangira, chifukwa ngwotsika mtengo ndipo sulira chitsulo chilichonse chomangiriratu pagalimoto. Kaliyala ameneyu amatsamira chitseko cha kumbuyo ndi timapazi ta mphira, ndipo amagwidwa ndi malamba, kawirikawiri 6, okhala ndi ngowe zachitsulo zokowa m'mphepete mwa chitsekocho. Ulendo ukatha amapindidwa n'kuikidwa m'nyumba. Kwa munthu amene amanyamula njinga yopepuka kamodzikamodzi, kaliyala wotere angathe kumuthandiza ndithu.

Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Katundu yense amatsamira pachitseko chimene sichidapangidwire kusenza. Magalimoto ambiri aang'ono ali ndi kachipepe ka pulasitiki pamwamba pa galasi la kumbuyo, ndipo ngowe ikakowa pamenepo kapena lamba akadutsa pamenepo, pulasitikiyo imathyoka. Ngowe siyenera kukowa pagalasi, ndipo phazi la kaliyala siliyenera kutsamira pakati pa galasi pokhapokha opanga ake atanena kuti nkololedwa. Nchifukwa chake makampani odalirika amatulutsa mndandanda wa magalimoto amene kaliyala wawo amayenerana nawo. Wogulitsa akanena kuti kaliyala wake amakwana pagalimoto iliyonse, wogula ayenera kuyamba kukayika pomwepo.

Malamba nawo ali ndi makhalidwe ake. Amafwamphuka galimoto ikamagwedezeka, amatanuka akanyowa ndi mvula, ndipo dzuwa limawafooketsa pang'onopang'ono mpaka tsiku lina kuduka osachenjeza. Fumbi la m'misewu ya dothi likalowa pansi pa timapazi ta mphira limapala utoto ngati mchenga. Tayala la njinga likalendewera pafupi ndi paipi ya utsi limapsa. Njinga ya amayi, imene ilibe chitsulo chopingasa cha pamwamba, siikhala bwino pamikono ya kaliyala popanda chitsulo chapadera cholumikiza chishalo ndi mahandulo. Choposa zonse, njinga zopachikidwa kumbuyo zimabisa nambala ya galimoto, magetsi a mabuleki ndi magetsi osonyeza kukhota. Malamulo a pamsewu amafuna kuti zonsezi zizioneka, ndipo wapolisi amene aimitsa galimoto yotere salakwa. Woyendetsa wa pambuyo akapanda kuona kuti mnzake waponda mabuleki, chotsatira chake aliyense akuchidziwa. Mankhwala ake ndi thabwa lapadera lokhala ndi magetsi ndi nambala, lomangiriridwa kunja kwa njinga ndi kulumikizidwa ku mawaya a galimoto, ndipo mtengo wa thabwa limeneli uyenera kuwerengedwa pamodzi ndi mtengo wa kaliyala.

Kaliyala wa pachitsulo chokokera

Mtundu wachitatu umakhala pachitsulo chokokera ngolo, chija chokhala ndi mutu wobulungira wa mamilimita 50. Pa mitundu yonse itatu, umenewu ndiwo wolimba ndi wosavuta. Njinga zimakhala pansi pang'ono, ndiye kuti sizivuta kukweza. Zimaimirira pamagudumu ake m'mipanje. Zimabisala ku mphepo kuseri kwa galimoto. Ndipo makaliyala ambiri a mtundu umenewu amabwera ndi magetsi awo ndi malo a nambala. Kwa munthu wa njinga yolemera, njira yeniyeni ya kunja kwa galimoto ndi yomweyi.

Koma nawonso uli ndi masamu ake. Mutu wa chitsulocho uli ndi malire a kulemera kumene ungasenze, ndipo pamagalimoto aang'ono malirewo kawirikawiri amakhala pafupi ndi makilogalamu 50. Kaliyala wa njinga ziwiri payekha amalemera makilogalamu pafupifupi 15, ndiye kuti otsala ndi 35. Njinga ziwiri za magiya zimakwana, njinga imodzi ya ntchito imakwana, koma njinga ziwiri za ntchito sizikwana. Ndiponso magalimoto ochokera ku Japan kawirikawiri amafika opanda chitsulo chimenechi, ndipo alipo magalimoto aang'ono amene opanga ake sadawalole kukoka kanthu kalikonse. Apa mpofunika chenjezo. Galimoto yaing'ono ya masiku ano ilibe mitanda yachitsulo ya pansi ngati ya lole. Thupi lake lonse ndi malata opindidwa ndi kulumikizidwa mwaluso. Chitsulo chokokera chimamangidwa ndi mabawuti pamalo olimbitsidwa amene opanga galimoto adakonzeratu. Kuchiwotcherera pamalata wamba kapena kuseri kwa bampala ndi kutchera msampha umene udzafwamphuke tsiku limene katundu ali pomwepo.

Zimene sayansi ya kusukulu imanena

Aphunzitsi a sayansi amadziwa lamulo la mtengo wotukulira mwala, limene Archimedes wa ku Syracuse adalifotokoza zaka zoposa 2,200 zapitazo: katundu akatalikira pochirikiza, mphamvu yake imakula. Pagalimoto yosenza njinga kumbuyo, pochirikiza ndi magudumu a kumbuyo. Pakati pa magudumu a kutsogolo ndi a kumbuyo a galimoto ngati Vitz pali mamita pafupifupi awiri ndi theka. Katundu wa makilogalamu 50 akakhala mita imodzi kuseri kwa magudumu a kumbuyo, amapeputsa kutsogolo ndi makilogalamu 20, ndipo magudumu a kumbuyo amasenza makilogalamu 70. Kutsogolo kumene kwapepukako ndi kumene kuli magudumu owongolera, amenenso pamagalimoto ambiri aang'ono ndiwo amakoka galimoto. Pampando wa kumbuyo pakakhalanso anthu atatu, ndi thumba la ufa ku buti, galimoto imagwada, magetsi a kutsogolo amaloza m'mwamba n'kumathobwa anzake m'maso, ndipo kaliyala amakhula pansi pamahampu.

Manambala onsewa ndi a katundu wongokhala chete. Galimoto ikagwa m'dzenje kapena kudumpha hampu, katundu amanyamuka n'kubwerera ndi mphamvu yoposa kulemera kwake. Opanga makaliyala amayembekezera misewu yosalala. Choncho munthu woyenda m'misewu ya maenje ndi ya mabampu sayenera kufika pamalire enieniwo. Nzeru ndi kusiya mpata.

Pali nambala inanso imene ambiri saiganizira, ndiyo ya mulifupi. Ku Japan kuli gulu la timagalimoto totchedwa kei, monga Daihatsu Mira ndi Suzuki Alto, timene kuyambira m'chaka cha 1998 lamulo limati tisapitirire mamita 1.48 mulifupi, ndipo injini yake siiposa 660cc. Vitz ndi Fit zimafika pafupifupi mamita 1.7. Njinga ya munthu wamkulu njotalika pafupifupi mamita 1.8. Ikaikidwa chopingasa kumbuyo kwa Mira, imatulukira masentimita 16 mbali iliyonse. Masentimita 16 amaoneka ochepa papepala, koma misewu ya kuno njopapatiza, ndipo m'mphepete mwake ndi mmene mumayenda ana a sukulu, amayi osenza nkhuni, ndi a kabaza onyamula anthu. Woyendetsa amayeza mpata ndi thupi la galimoto imene adaizolowera, osakumbukira gudumu limene latulukira kumanzere. Kuchotsa gudumu la kutsogolo la njinga kumathetsa vuto limeneli, ndipo sipanala imodzi njokwanira.

Nanga njinga ikamasuka? Chinthu chothamanga makilomita 80 pa ola chili ndi mphamvu yofanana ndi ya chinthu chogwa kuchokera pamwamba pa mamita 25. Njinga ya makilogalamu 24 ikachoka padenga pa liwiro limenelo, n'kukumana ndi munthu woima m'mbali mwa msewu, palibe kupepesa kumene kungakonze zinthu. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, lidanena m'chaka cha 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka la anthu amenewa ndi oyenda pansi, opalasa njinga ndi okwera njinga zamoto. Ameneŵa ndiwo anthu amene kaliyala woipa amawaopseza, pamene mwini galimoto ali phee m'kati, atadzimangirira lamba.

Mawu a otsutsa

Ena adzati zonsezi ndi nkhani za anthu a ndalama. Adzati kuyambira kale njinga zakhala zikukwera padenga la basi zitamangidwa ndi chingwe, ndipo zinkafika bwinobwino. Adzatinso kaliyala wochokera kunja angathe kudula kuposa njinga imene akunyamula, ndipo munthu wa malipiro a uphunzitsi sangataye ndalama zotere pa chinthu chogwiritsa ntchito kawiri pachaka. Mawu amenewa ali ndi choonadi, ndipo sayenera kunyozedwa. Koma kaliyala wa basi adali wachitsulo cholimba, womangidwa pamodzi ndi basiyo, wokhala ndi makwerero ndi mpanda m'mbali. Denga la galimoto yaing'ono ndi lata lopyapyala limene limabonyoka munthu akaligwadira. Kuyala bulangete padenga lotere, kugoneka njinga, n'kudutsitsa chingwe m'mazenera si kutsata nzeru za makolo ayi. Malegeni ndi abwino pomanga katundu panjinga yoyenda pang'onopang'ono, koma mphira imatanuka ndipo imafumbwa ndi dzuwa. Ingathandize kugwira gudumu kuti lisazungulire, osati kusenza njinga yonse. Kuyenda chitseko cha kumbuyo chili chotsekula, njinga italendewera kunja, nakonso nkoopsa, pakuti mphepo imabweza utsi wa injini kulowa m'galimoto, ndipo mu utsiwo muli mpweya wakupha umene sununkha.

Ena adzati amisiri owotcherera zitsulo ali ponseponse, ndipo angapange kaliyala pa mtengo wochepa. Zimenezi nzoona, ndipo ndi mwayi kwa achinyamata amene atsiriza sukulu n'kukaphunzira ntchito zamanja ku Soche, ku Nasawa, ku Namitete, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Palibe kaliyala wa m'sitolo amene adapangidwa poganizira njinga ya kabaza ndi msewu wa dothi, ndipo mmisiri wa kuno ndiye angathe kuganizira zimenezo. Koma mmisiriyo ayenera kumvera manambala omwewo. Chizolowezi cha ambiri ndi kuganiza kuti chitsulo chochindikala ndicho chabwino, osazindikira kuti kaliyala wa makilogalamu 30 wadya kale gawo lalikulu la zimene denga lidaloledwa. Kaliyala wabwino ngwopepuka, wogwira pamalo olimba a galimoto, womangidwa ndi mabawuti okhala ndi manati osamasuka okha, wopanda nsonga zakuthwa, ndipo wopimidwa pasikelo asanaperekedwe kwa mwini wake. Mmisiri amene angauze wogula kuti kaliyala uyu akulemera mwakuti ndipo asasenze zoposa mwakuti, ameneyo ndiye woyenera kupatsidwa ntchito.

Wobwereka kapena wogula kaliyala wakale nayenso asamale. Khasu lobwereka silichedwa kuthyoka. Malamba otuwa ndi dzuwa, ngowe zowongoka, dzimbiri m'molumikiza ndi mapulasitiki ong'aluka ndi zizindikiro zakuti kaliyalayo watopa, ndipo kaliyala amene adakwana pagalimoto ya mnansi sindiye kuti akwananso pagalimoto ya mtundu wina.

Njira imene ambiri amaiwala

Pali njira yachinayi imene siilira ndalama, ndiyo kuika njinga m'kati mwa galimoto. Mipando ya kumbuyo ikapindidwa, gudumu la kutsogolo la njinga likachotsedwa, ndi chishalo chikatsitsidwa, njinga imodzi imalowa m'magalimoto ambiri a chitseko cha kumbuyo. Honda Fit, imene idatuluka koyamba m'chaka cha 2001, ili ndi thanki ya mafuta pansi pa mipando ya kutsogolo, ndipo chifukwa cha chimenechi mipando yake ya kumbuyo imagona pansi kwambiri n'kusiya malo aakulu. M'kati njinga siinyowa, siibedwa, siibisa nambala, ndipo siilimbana ndi mphepo. Chofunika ndi kuyala thumba kuti mafuta a tcheni asadetse mipando, ndi kuimangirira kuti isalumphire kutsogolo mabuleki akapondedwa mwadzidzidzi. Choipa chake nchakuti anthu atatu ataya malo. Banja lonse likamayenda, nzeru ina ndi kutumiza njinga pa basi kapena pa lole yodziwika. Palibe manyazi pamenepo.

Tsono kusankha kwake kungathe kuikidwa motere. Wa njinga imodzi, woyenda yekha kapena ndi mnzake mmodzi, aike njingayo m'kati. Wa njinga yolemera amene amayenda nayo kawirikawiri afufuze ngati galimoto yake idaloledwa chitsulo chokokera, ndipo ngati idaloledwa asadandaule ndi mtengo wake, pakuti walira mvula walira matope. Wa njinga zopepuka, imodzi kapena ziwiri, angasankhe wa padenga ngati ali ndi mphamvu zokweza ndi mtima wokumbukira msinkhu, kapena wa pachitseko ngati kaliyalayo ngwoyenerana ndi galimoto yake ndipo thabwa la magetsi lilipo. Wofuna kupachika njinga zitatu za ntchito pagalimoto ya 660cc asiye maganizo amenewo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Pamsewu

Kaliyala wabwino sachotsa udindo pa woyendetsa. Asananyamuke achotse panjinga zonse zimene zingagwe, monga pampu, dengu ndi nyali. Njinga yolemera kwambiri ikhale pafupi ndi galimoto. Agwedeze kaliyala ndi manja awiri mwamphamvu: ngati galimoto yonse ikugwedezeka pamodzi naye, ndiye kuti wagwira, ngati akugwedezeka yekha, ntchito siinathe. Aonjezere mpweya m'matayala monga mwalembedwera pachikwangwani cha pakhomo la woyendetsa. Atayenda makilomita 10 oyamba aime n'kukunganso malamba, ndipo achite chimodzimodzi pamalo alionse opumira ndiponso akatuluka mumsewu wa mabampu. Achepetse liwiro, asiye mpata wokwanira podutsa opalasa njinga, ndipo pamitsetse yokhotakhota monga ya Chiweta, ya Golomoti ndi ya paphiri la Zomba atsike ndi giya yaing'ono, pokumbukira kuti galimoto yake lero siyofanana ndi ya dzulo.

Nkhani ya kaliyala imaoneka yaing'ono, koma m'kati mwake muli kuphatikiza, kuchotsera, lamulo la Archimedes ndi chikumbumtima. Aphunzitsi amene amafunsidwa ndi ophunzira kuti masamu ali ndi ntchito yanji pamoyo angathe kulemba pabolodi manambala atatu aja, la denga, la njinga ndi la kaliyala, n'kuwauza anawo kuti apeze ngati ulendo ungatheke. Mwana amene apeze yankho lakuti njinga yachiwiri itsale wapeza chinthu chimene akuluakulu ambiri a magalimoto sadachipezebe. Njinga yotsala pakhomo idzanyamulidwa ulendo wina, koma munthu amene yamugwera pamsewu alibe ulendo wina.